MAGAZI A ANTHU ANAI OCIRA AONETSA NJIRA YA MANKHWALA A CIMFINE CA MBALAME

Wolemba: Mtolankhani Wathu

MLIMI aliyense woweta ng'ombe adziwa kuti thole likabadwa liyenera kuyamwa mkaka woyamba wa make, uja wacikasu ndi wokhuthala, tsiku lomwelo lisanathe. Thole limene laphonya mkaka umenewu kawiri-kawiri sililimba. Litsegula m'mimba, lifooka, ndipo nthawi zambiri silifika pa msinkhu wakudya udzu. Makolo athu anazindikira ici kale-kale, ngakhale analibe magalasi oonera tinthu tating'ono. Cimene akatswiri anadzapeza pambuyo pake ndi cakuti mu mkaka woyambawo muli zida zimene thupi la make linasula polimbana ndi matenda amene linakumana nawo pa moyo wake. Thole libwereka zida za make kufikira thupi lake litaphunzira kusula zakezake.

Nzeru imeneyi ya kubwereka zida ndiyo imene madotolo a ku Vietnam, ku Switzerland ndi ku America anatsata pofuna-funa mankhwala a cimfine ca mbalame, nthenda imene yasowetsa tulo maboma ambiri kwa zaka zoposa makumi awiri. Iwo anapita kwa anthu anai amene anadwala nthendayi nacira, nawapempha magazi pang'ono. Zimene zinaturuka m'magazi amenewo ndizo tifuna kufotokozera awerengi athu sabata ino.

NTHENDA YAKE

Cimfine ca mbalame kweni-kweni ndi nthenda ya atsekwe, abakha ndi mbalame zina za m'madzi. Mbalame zambiri za kuchire zinyamula tizirombo take popanda kudwala konse, koma tizirombo tina tikalowa m'khola la nkhuku tisanduka taukali, ndipo tingathe kupulula khola lonse m'masiku awiri. Kamene kaopsa koposa kachedwa H5N1. Kanapezeka koyamba mu tsekwe m'cigawo ca Guangdong ku China m'caka ca 1996. M'mwezi wa May 1997 kamnyamata ka zaka zitatu kanamwalira nako ku Hong Kong, ndipo pofika kumapeto kwa cakaco anthu 18 anali atadwala, 6 mwa iwo namwalira. Mkulu wa za umoyo kumeneko, Dr Margaret Chan, analamula kuti nkhuku zonse za m'misika ndi m'mafamu ziphedwe. Nkhuku zoposa miliyoni imodzi zinaphedwa m'masiku owerengeka, nthenda nileka, ndipo ambiri anayesa kuti yatheratu.

Koma inabukanso m'caka ca 2003. Mu 2004 inali kupha anthu ku Vietnam ndi ku Thailand, mu 2005 ku Indonesia. M'caka comweco ca 2005 mbalame za kuchire zikwi zingapo zinafa pa nyanja ya Qinghai ku China, ndipo kucokera pamenepo kacirombo kanafalikira cakumadzulo. M'mwezi wa February 2006 kanafika mu Africa, pa famu ya nkhuku m'cigawo ca Kaduna ku Nigeria, ndiponso ku Egypt.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lalembera anthu oposa 900 amene anapimidwa napezeka ndi kacirombo aka kuyambira 2003, ndipo pafupi-fupi theka la iwo anamwalira. Ku Indonesia pa anthu 200 odwala, 168 anamwalira. Ku Egypt anadwala 359, namwalira 120, ndipo ambiri mwa odwala kumeneko anali amai ndi ana, amene ndiwo asamala nkhuku za pakhomo, monga momwe ziliri ndi kuno kwathu. Akatswiri acenjeza kuti ciwerengero ici ndi ca okhawo amene anafika ku cipatala napimidwa, kotero kuti amene anadwala pang'ono nacira okha kunyumba sanawerengedwe. Ngakhale zili tero, nthenda imene ipha munthu mmodzi pa awiri alionse ofika nayo ku cipatala si ya masewera.

Mwai umene tili nawo kufikira lero ndi wakuti kacirombo aka sikayenda bwino kucoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Pafupi-fupi onse odwala anakatenga pogwira, popha kapena posenga mbalame zodwala. Mantha a akatswiri ali pakuti tizirombo ta cimfine tisintha-sintha, ndipo tsiku lina kangaphunzire kuyenda m'mpweya wa anthu monga cimfine ca masiku onse. Mliri wa fuluwenza wa 1918, umene unafika ndi m'dziko lathu lino cakumapeto kwa cakaco, unapha anthu pafupi-fupi mamiliyoni 50 pa dziko lonse, ndipo ofufuza anadzapeza kuti kacirombo kake kanali pa cibale ndi tizirombo ta mbalame. Mantha anakula m'mwezi wa March 2024 pamene H5N1 kanapezeka mu ng'ombe za mkaka ku Texas m'dziko la America, cinthu cimene palibe anaciyembekeza. Anchito a m'mafamu angapo anadwala, ambiri a iwo maso okha kufiira, koma mu January 2025 munthu mmodzi anamwalira ku Louisiana atakhudzana ndi mbalame zodwala za pakhomo pake.

Wina angafunse kuti kodi zonsezi zitikhudza bwanji ife a ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi? Mbalame sizidziwa malire a maiko. M'caka ca 2017 kacirombo kena ka mtundu womwewu, kochedwa H5N8, kanapha nkhuku pa famu yaikulu ku Zimbabwe ndiponso ku South Africa, ndipo Boma lathu linaletsa kulowetsa nkhuku zocokera ku South Africa. Mu 2023 nkhuku mamiliyoni zinaphedwa ku South Africa komweko, mazira nasowa m'masitolo. Kuno kwathu akatswiri a pa University of Zambia, mogwirizana ndi anzao a ku Hokkaido ku Japan, anapima zitosi za mbalame za m'madzi ku Lochinvar m'cigwa ca Kafue, ndipo m'zitosi za vuwo zotengedwa mu 2006 anapeza kacirombo ka cimfine ca mbalame. Kanali ka mtundu wofatsa, kosaopsa, koma kanaonetsa kuti njira imene tizirombo totere tiyendamo idutsa ndi m'madambo athu.

MANKHWALA AMENE ALIPO

Mankhwala amene madotolo adalira lero ndi mapiritsi ochedwa oseltamivir, odziwika ndi dzina la malonda lakuti Tamiflu. Athandiza, koma agwira bwino nchito ngati wodwala wayamba kumwa masiku awiri asanathe kucokera pamene anayamba kudwala. Anthu ambiri a kumidzi, ku Asia ngakhale kuno, safika ku cipatala msanga cotero. Ndiponso m'caka ca 2005 madotolo a ku Vietnam anaona kuti mwa odwala ena kacirombo kanali katazolowera mankhwalawa, osamvanso. Pa odwala asanu ndi atatu amene anawapima, awiri anali ndi kacirombo kotere, ndipo onse awiri anamwalira.

Nanga katemera? Akatemera a H5N1 alipo ndipo maiko ena olemera anawasunga. Bvuto lake ndi lakuti katemera ndi mphunzitsi cabe. Aonetsa thupi cithunzi ca mdani, ndipo thupi litenga milungu iwiri kapena kuposa kuti lisule zida. Munthu amene wadwala kale, amene mapapo ake ali kudzala madzi, alibe milungu iwiri. Kupanganso katemera wolingana ndi kacirombo katsopano kutenga miyezi pafupi-fupi isanu ndi umodzi, ndipo codabwitsa ncakuti akatemera ambiri a cimfine apangidwira m'mazira a nkhuku, zomwe zija zimene nthendayi ipulula.

ZIDA ZA M'MAGAZI

Zida zimene tachula poyamba paja akatswiri azicha maantibodi. M'magazi mwathu muli timaselo tambiri-mbiri toyera, timene anthu akonda kuticha asilikali a m'thupi. Pakati pa timeneti pali gulu lina lochedwa maselo a B, limene nchito yake ndi ya mmisiri wosula. Kacirombo kakalowa m'thupi, amisiri awa asula timivi tolingana ndi kacirombo kameneko kokha. Muvi wosulira cikuku sungalase kafumbata. Timivi timeneti ndito maantibodi. Tikakakamira pa kacirombo, kalephera kulowa m'maselo a thupi, ndipo asilikali ena abwera kudzakameza. Nkhondo ikatha, amisiri ena atsala m'magazi kwa zaka zambiri ali cikumbukire kasulidwe kake. Ndico cifukwa cake munthu sadwala cikuku kawiri.

Kubwereka zida za wina kunayamba kale. M'caka ca 1890 ku Berlin, Emil von Behring ndi Kitasato Shibasaburo anaonetsa kuti madzi a m'magazi a nyama imene inalimbana ndi ululu wa kafumbata angathe kuteteza nyama ina. Von Behring analandira mphotho yoyamba ya Nobel ya za mankhwala mu 1901. Mankhwala a njoka amene alasidwa ku cipatala munthu akalumidwa ndi mamba kapena mphiri ali a mtundu womwewu: ndi maantibodi otengedwa m'magazi a akavalo.

Pa mliri wa 1918 madotolo ena, posowa pogwira, anathira odwala mwakayakaya magazi a anthu ocira. M'caka ca 2006 akatswiri a ku America anasanthula zolemba zakale zimenezo, zokhudza odwala 1,703, napeza kuti pa 100 alionse amene anathiridwa magazi anamwalira 16, pamene pa 100 osathiridwa anamwalira 37. Zolembazo zinali za kale ndipo sizinatsate malamulo a kafukufuku a masiku ano, koma zinapatsa anthu maganizo. M'caka comweco ca 2006, mwamuna wina wodwala H5N1 ku Shenzhen ku China, amene Tamiflu inali italephera, anathiridwa madzi a m'magazi a munthu wocira, nacira.

Komabe njira iyi ili ndi malire oonekeratu. Ocira nthenda iyi ndi ocepa, ndipo munthu mmodzi sangapereke magazi okwana mudzi wonse. Magazi a wina ali ndi zida zamphamvu, a wina zofooka. Ndiponso magazi angathe kunyamula matenda ena monga AIDS ndi nthenda ya ciwindi. Cofunika cinali kupeza mmisiri mmodzi wodziwa kusula muvi wabwino koposa, ndi kumucititsa kusula kosaleka kunja kwa thupi.

Amene anatsegula njira ndi César Milstein wa ku Argentina ndi Georges Köhler wa ku Germany, pogwira nchito ku Cambridge m'dziko la Britain m'caka ca 1975. Anatenga selo la B la mbewa nalilumikiza ndi selo la khansa, limene khalidwe lake ndi kuswana kosaleka. Cimene cinabadwa cinali selo losafa losula muvi wa mtundu umodzi wokha. Alimi a cinangwa amva msanga za ici: ukadula mtengo wa cinangwa cokoma ndi kubzala zidutswa zake, munda wonse ubala cinangwa cofanana ndi kholo lake. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1984. Cobvuta cinali cakuti thupi la munthu liona maantibodi a mbewa ngati mlendo wosaitanidwa, niliyamba kulimbana nawo. Gregory Winter, wa ku Cambridge komweko, anapeza m'zaka za m'ma 1980 njira yocotsera mbali zambiri za mbewa ndi kuikapo za munthu, kusiya nsonga yokha ya muvi. Pambuyo pake kunapezeka njira zopangira maantibodi a munthu eni-eni, opanda kanthu ka mbewa.

ULENDO WA MAGAZI A KU VIETNAM

Tsono tibwerere kwa anthu anai aja. Onse anali acikulire a ku Vietnam amene anadwala H5N1 pakati pa January 2004 ndi February 2005, pa nthawi imene ambiri ogonekedwa ndi nthendayi sanali kuturuka amoyo. Atacira anabvomera kupereka magazi kwa madotolo a pa Hospital for Tropical Diseases mu mzinda wa Ho Chi Minh City, pakati pao Dr Tran Tinh Hien ndi Dr Cameron Simmons. Ndalama zina za nchitoyi zinacokera ku bungwe la Wellcome Trust la ku Britain.

Maselo a m'magazi amenewo anatumizidwa ku Bellinzona, tauni yaing'ono ya m'mapiri ku Switzerland, kwa Dr Antonio Lanzavecchia. Katswiri ameneyu anali atapeza mu 2004, pa nthawi ya nthenda ya SARS, njira yocititsa maselo okumbukira aja a munthu kuti aswane kosaleka m'mbale, pogwiritsa nchito kacirombo kena kochedwa Epstein-Barr. Anasankha maselo okumbukira a anthu anaiwo nawagawa m'timaenje tating'ono tambiri-mbiri, kuti kagulu kalikonse kasule timivi take padera.

Apa mpamene panali nchito yotopetsa. Munthu wamkulu anakumana ndi matenda osawerengeka pa moyo wake, ndipo amisiri ake ambiri akumbukira cikuku, cimfine wamba, zilonda za ubwana ndi zina zotero. Okumbukira H5N1 ndi owerengeka. Madzi ocokera m'timaenje pafupi-fupi 11,000 anapimidwa ku Bethesda m'dziko la America, m'manja mwa Dr Kanta Subbarao ndi anzake a pa National Institutes of Health, pofuna kuona amene angafoole kacirombo. Pa zikwi zonsezo anasankhapo maantibodi anai okha, ndipo amenewo ndiwo anaculukitsidwa.

Kenaka anawayesa pa mbewa. Izi si mbewa zathu zija zokumba m'minda pambuyo pa kukolola iai, koma zoyera, zowetedwa m'nyumba zopimira kaamba ka nchito imeneyi. Poyamba analasa mbewa maantibodi kutatsala tsiku limodzi kuti azipatse kacirombo. Mbewa zotetezedwa bwino zinapulumuka, tizirombo m'mapapo mwao tinali tocepa kwambiri, ndipo sitinafalikire kweni-kweni ku ziwalo zina monga ubongo. Mbewa zimene sizinalandire zida zoyenera zinafa zonse.

Kuyesa kwaciwiri ndiko kunali ndi phindu lalikulu kwa dotolo, pakuti odwala safika ku cipatala asanadwale. Mbewa zinapatsidwa kacirombo kokwana kuzipha, ndipo maantibodi analasidwa pambuyo pake: zina patapita tsiku limodzi, zina masiku awiri, zina masiku atatu. Pa mbewa 60 zolasidwa, 58 zinapulumuka, pamene zosalasidwa zinafa zonse. Ena mwa maantibodi amenewa anagwiranso nchito pa kacirombo ka ku Indonesia ka 2005, kamene kanali katasiyana kale ndi ka ku Vietnam. Zotsatira izi zinafalitsidwa m'mwezi wa May 2007 m'nyuzi ya madotolo yochedwa PLoS Medicine.

MDANI WOSINTHA NKHOPE

Mau akuti "ena mwa iwo" ali ndi nkhani. Kacirombo ka cimfine kali ndi timinga pa khungu lake, tooneka ngati bowa, tokhala ndi mutu ndi tsinde. Cilembo ca H m'dzina lakuti H5N1 ciimira timinga timeneti. Mutu ndiwo umene kacirombo kagwirira selo la munthu, ndipo maantibodi ambiri amene thupi lisula alasa pamutupo cifukwa mpoonekera. Koma mutu usintha caka ndi caka. Muvi wosulira mutu wa caka catha ungathe kuterereka pa mutu wa caka cino.

M'zaka za 2008 ndi 2009 magulu awiri, lina la Dr Wayne Marasco ku Boston ndi lina la kampani ya Crucell ku Leiden m'dziko la Netherlands mogwirizana ndi Dr Ian Wilson wa ku California, anapeza maantibodi amene asiya mutu nalasa tsinde. Tsinde ndilo cida cimene kacirombo kaboolera kuti kakhuthulire mbeu zake m'kati mwa selo, ndipo kuti liboole liyenera kupindika mwa njira yakeyake. Antibodi ikakakamira pamenepo, tsinde lilephera kupindika, monga citseko cimene caikidwa mpiringidzo. Popeza tsinde likasintha kwambiri lileka kugwira nchito, kacirombo sikangalisinthe mwacisawawa. Maantibodi amenewa anafoola H5N1 pamodzi ndi kacirombo ka mliri wa 1918. Mu 2011 gulu la Dr Lanzavecchia, mothandizana ndi Sir John Skehel wa ku London, linapeza ina yochedwa FI6 imene inagwira mitundu yonse 16 ya timinga imene inali kudziwika pa nthawiyo.

Patapita zaka, mu January 2025, akatswiri a pa University of Pittsburgh ndi a National Institutes of Health anafalitsa zimene anapeza ndi antibodi ina ya pa tsinde yochedwa MEDI8852. Analasa apusi a ku Asia, amene mapapo ao afanana kwambiri ndi a munthu koposa a mbewa, kenaka nawapumitsa mpweya wa H5N1. Apusi olasidwa muyeso wokwana anapulumuka ndipo sanadwale kwambiri. Ofufuza anayerekeza kuti citetezo cotere cingakhale m'thupi milungu 8 kufikira 12. Nthawi imeneyi siitali, koma ingakwane kuteteza anamwino ndi madotolo pa ciyambi ca mliri pamene katemera ali kupangidwa.

MBEWA SI MUNTHU

Pano tiyenera kunena mosabisa, kuopa kuti wina angapite ku cipatala ca Boma mawa kukafunsa nyeleti imene kulibe. Papita zaka zambiri kucokera 2007, ndipo palibe antibodi ya munthu yopangidwa m'nyumba zopimira imene yaloledwa kukhala mankhwala a cimfine ca mbalame. Cifukwa cimodzi ncakuti odwala H5N1 ndi ocepa ndi omwazikana m'maiko ambiri, kotero nkobvuta kusonkhanitsa okwana kuti mankhwala ayesedwe mwa lamulo. Kaamba ka ici makampani anayesa maantibodi a pa tsinde pa cimfine wamba ca anthu, ndipo zotsatira zake zinagwetsa mphwayi. Mu July 2023 kampani ya Vir Biotechnology ya ku San Francisco inalengeza kuti antibodi yake, imene inayesedwa pa anthu pafupi-fupi 3,000, sinateteze mokwanira. Maantibodi enanso amene anayesedwa pa odwala ogonekedwa m'zipatala sanaonetse phindu loposa Tamiflu yokha.

Mliri wa Covid-19 unaphunzitsanso kanthu kena. Maantibodi oyamba anathandiza odwala ambiri mu 2020 ndi 2021, koma pamene kacirombo kanasintha nikakhala ka mtundu wa Omicron, ambiri a iwo anasanduka opanda nchito, ndipo mu January 2022 Boma la America linaletsa awiri ochuka koposa.

Koma amene anena kuti zonsezi ndi maloto a Azungu ayang'ane kwa anansi athu a ku Congo. M'caka ca 1995 nthenda ya Ebola inabuka ku Kikwit, ndipo Dr Jean-Jacques Muyembe ndi anzake anathira odwala asanu ndi atatu magazi a ocira. Asanu ndi awiri anapulumuka. Anthu ambiri a kunja anakayika. Patapita zaka zoposa khumi, magazi a munthu mmodzi wocira ku Kikwit anapimidwa ku America ndi ku Switzerland mwa njira yofanana ndi ija ya magazi a ku Vietnam, ndipo munaturuka antibodi yochedwa mAb114. Inayesedwa pa odwala eni-eni ku North Kivu ndi ku Ituri mu 2018 ndi 2019, m'kati mwa nkhondo. Pa 100 alionse olandira mankhwalawa anamwalira pafupi-fupi 35, pamene pa olandira mankhwala akale anamwalira pafupi-fupi 50, ndipo mwa amene anali ndi tizirombo tocepa m'magazi, monga akhalira ofika msanga, anamwalira pafupi-fupi 10 cabe. Mu December 2020 inaloledwa kukhala mankhwala a Ebola. M'kuona kwathu, umboni wa ku Congo ndiwo wolemera koposa wa mbewa ndi apusi onse pamodzi, pakuti uonetsa kuti njirayi ingathe kuciritsa anthu, ndiponso mu Africa muno.

NANGA ADZAFIKA KUMUDZI?

Funso ili ndilo lobvuta koposa. Maantibodi sapangidwa monga aspirini. Aswanitsidwa ndi maselo amoyo m'matanki akulu-akulu a citsulo, osamalidwa usana ndi usiku, ndipo mafakitale otere ndi okwera mtengo ndi ocepa pa dziko. Sangamwedwe ngati mapiritsi cifukwa m'mimba angagayidwe monga nyama. Ayenera kulowa ndi nyeleti kapena ndi dripi. Asungidwa m'firiji pa kuzizira kwa madigiri 2 kufikira 8, cimene cili cobvuta pa kiliniki ya kumudzi yopanda magetsi odalirika. Bungwe la Wellcome ndi la IAVI analengeza mu 2020 kuti pa maantibodi 100 alionse ogulitsidwa pa dziko, 80 agulidwa ku America, ku Canada ndi ku Ulaya. Tinaona pa nthawi ya Covid-19 momwe maiko olemera anayambira kudzigulira okha akatemera, Africa nitsala pambuyo pa mzere. Anthu anai a ku Vietnam anapereka magazi ao, ndipo nkoyenera kufunsa ngati ana ao adzakhoza kugula mankhwala oturuka m'magazi amenewo.

Pa zonse tafotokozazi pali cinthu cimodzi cimene cili m'manja mwa banja la kumudzi, ndico nthawi. Tamiflu ifuna masiku awiri. Mbewa zija zinapulumuka zitalasidwa m'kati mwa masiku atatu. Odwala Ebola amene anacira kwambiri ndi ofika msanga. Munthu akayamba kutentha thupi, kutsokomola, kubanika kapena kufiira maso patapita masiku ocepa atagwira nkhuku kapena abakha akufa, apite ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo mau oyamba kuuza a dotolo akhale a nkhukuzo, pakuti popanda mau amenewo adzayesa malungo kapena cibayo.

Ife amene tinakulira kumudzi tidziwa cimene cicitika citopa cikalowa. Nkhuku ikayamba kuodzera, amai aitana mwana kuti aiphe msanga ingafe yokha, ndipo sabata imeneyo ndiwo ndi nkhuku m'nyumba zonse. Citopa sicipha munthu, ndico cifukwa cake cizolowezi ici cakhala nafe. Tsoka lake ncakuti ndi maso okha palibe angasiyanitse citopa ndi cimfine ca mbalame, ngakhale mlangizi wa ziweto amene. Zonse ziwiri zipha nkhuku zambiri mwadzidzidzi, zitupitsa mutu, zidetsa kanyama kofiira ka pamutu, nizileketsa kuikira. Nyama ndi mazira zophikidwa mpaka kupsa bwino-bwino zilibe kacirombo kamoyo. Ngozi ili pa amene apha, asosola nthenga ndi kutumbula, ndiponso pa ana oseweretsa nkhuku yodwala.

Motero nkhuku zikayamba kufa motsatana, makamaka pa khomo limene katemera wa citopa anaperekedwa kale, kapena abakha ndi nkhanga zikafa pamodzi nazo, musazidye, musazigulitse, ndiponso musazithamangitsire kwa acibale a mudzi wina poti zipulumuke. Bvalani pulasitiki m'manja, zikwirireni m'dzenje lakuya limene agalu ndi nkhumba sizingafukule, sambani ndi sopo, ndipo dziwitsani a mfumu ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu tsiku lomwelo. Mlangizi ndiye adzatenga zofunika kupima ndi kuzitumiza ku nyumba zopimira matenda a ziweto, monga ya Central Veterinary Research Institute ku Balmoral kufupi ndi Lusaka, kumene angathe kunena ngati ndi citopa kapena nthenda inayo.